Ku Cooperstown dzina la munthu ndi katundu, ndipo ine anandigwira m'maso

Inu a pamsika, amene mukangoigwira nsapato ya kaunjika mumadziwiratu kuti iyi ndi yeniyeni iyi ndi feki, tamverani za kamudzi kena ku Amereka komwe anthu akudyera dzina lolembedwa ndi bolopeni pa kampira. Ndati dzina basi. Kampirako n'kotchipa, kukula kwake ngati lalanje, chikopa cha ng'ombe chosokedwa ndi ulusi wofiira. Koma katswiri akangosainapo, mtengo umalumpha.

Kamudziko ndi Cooperstown, m'chigawo cha New York. Musaganize za nyumba zosanjikizana zija mumaona pa kanema, ayi. Kuchoka mumzinda wa New York ndi ulendo wa maola ngati anayi pagalimoto, kudutsa m'timapiri ndi m'minda ya ng'ombe zamkaka. Anthu okhalamo sakwana 2,000, loboti ndi limodzi lokha, ndipo chakumunsi kuli nyanja ya Otsego. Ndinapitako mu July 2023 ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Albany.

Chimene chimakoka anthu ndi nyumba ya chikumbutso cha akatswiri a baseball, Hall of Fame, yomwe inatsegulidwa mu 1939. Anaimanga kumeneko chifukwa cha nkhani yoti msilikali wina, Abner Doubleday, ndiye anayambitsa masewerowa m'mudzimo mu 1839. Odziwa mbiri anaitsutsa kalekale nkhaniyi, koma pomwe ankaitsutsa n'kuti msika utakhazikika kale, ndipo inu mukudziwa kuvuta kwake kusamutsa msika. Chaka ndi chaka mu July amalowetsamo mayina atsopano. Chaka chimenecho anali Scott Rolen ndi Fred McGriff, ndipo Main Street inali itadzaza ngati msika wa Limbe pakutha pa mwezi.

Malonda ake amayenda motere. Masitolo a mumsewumo amaitana akatswiri akale, madala aimvi ena oyendera ndodo, n'kuwakhazika patebulo. Iwe umagula tikiti, n'kuima pamzere ndi kampira kako. Ukafika, mdalayo amasaina, mwina kukugwira chanza, wotsatira! Ukafuna kuti awonjezere mawu ena pansi pa dzinalo, umalipiranso padera. Banyira kulibe kumeneko.

Amene ankadziwa bwino geni imeneyi anali Pete Rose. Munthuyu anamenya mahiti 4,256, kuposa wina aliyense mu ligi yaikulu, koma mu 1989 anamuthamangitsa m'masewero chifukwa cha juga. Pakhomo la ulemu sanalowepo ali moyo, koma nthawi ya mwambowu ankabwera n'kukhala m'sitolo mumsewu womwewo, kusainira anthu pa ndalama. Mipira ina analembapo mawu opepesa kuti ankabetcha pa masewero, ndipo nayonso inagulitsidwa. Kugulitsa ndi kupepesa komwe, abale! Anamwalira mu September 2024.

Eni malondawa ali ndi malamulo awo. Dzina liyenera kukhala pakampata kaja pomwe misoko iwiri imayandikana, amati sweet spot. Cholembera chikhale bolopeni ya buluu, chifukwa inki ya maka imayenderera m'chikopa pakapita zaka. Dzuwa limafufutitsa, ndiye mpirawo amautsekera m'kabokosi koonekera. Ndipo chosamveka bwino koma choona n'chakuti mwini dzina akamwalira mtengo umakwera, pakuti fakitale yatsekedwa. Mu 2006 mpira wosainidwa ndi Joe DiMaggio pamodzi ndi Marilyn Monroe, yemwe anali mkazi wake kwa miyezi yowerengeka mu 1954, unagulidwa madola 191,200. Wina, Shoeless Joe Jackson, sankatha kulemba bwinobwino moti nthawi zambiri mkazi wake ndiye ankamusainira. Lero siginecha yake yeniyeni, yokhotakhota ngati ya mwana wa Sitandade 1, ili m'gulu la zodula zedi.

Ine kumva zonsezi mtima wa geni unadumpha. M'thumba ndinali ndi madola amene ndinasunga kuti ndikaodere mafoni ogwiritsidwa kale ntchito. Madzulo tikubwerera komwe tinasiya galimoto, kunja kwa mudzi, ndinaona bambo wina atatsegula buti ya galimoto yake, mipira ili mbwee m'timabokosi. Anandionetsa wa Mickey Mantle, katswiri wa New York Yankees, amene m'masitolo muja ndinauona pa madola mazana angapo. Iye anati 150. Ndinanenerera monga timachitira kwathu, kunamizira kuchoka, kubwereranso, mpaka tinamvana pa 80. Anandipatsanso kapepala kokhala ndi chidindo chagolide, ati setifiketi.

"Alamu, mwaganiza bwino koma?" anandifunsa alamu anga.

"Alamu, inu mumadziwa za ku ofesi. Za malonda tisiyireni ife," ndinatero. Usiku umenewo ndinagona ndikuwerengetsa phindu.

M'mawa ndinalowa m'sitolo ina kuti ndiugulitse. Mwini wake, mdala wa magalasi pamphuno, sanalabadire n'komwe za setifiketi ija. Siginechayo anangoiyang'ana pang'ono, kenako anautembenuza mpirawo n'kuloza chidindo cha fakitale.

"Bambo, tawerengani dzina ili pansipa."

Ndinawerenga: Robert D. Manfred Jr.

Anandifotokozera mofatsa, ngati akuuza mwana. Mpira uliwonse wa ligi yaikulu umatuluka ku fakitale ya Rawlings uli ndi dzina la mkulu wa masewero wa nthawi imeneyo. Manfred anayamba udindo mu 2015. Mantle anamwalira mu 1995. Ndiye kuti munthu anadzuka kumanda patatha zaka 20 kudzasaina mpira wanga. Wa Mantle weniweni, anatero, umayenera kukhala ndi dzina la pulezidenti wa American League wa m'masiku ake, monga Bobby Brown.

Thukuta linatuluka, ine amene ndimaphunzitsa anyamata kuyang'ana pansi pa nsapato.

Mdalayo anandipepesa ndi nkhani. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 apolisi a FBI anachita kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen, n'kugwira gulu la akathyali ku California lomwe linkapanga masiginecha abodza mopikulitsa, a Mantle, a Babe Ruth, pamodzi ndi masetifiketi ake omwe. Anafika mpaka polemba dzina la Mother Teresa pa mpira wa baseball. Sisitere uja wa ku Calcutta! N'chifukwa chake kuyambira 2001 ligi imatumiza anthu ake kukaonerera ndi maso katswiri akusaina, n'kumatapo kasitika konyezimira kokhala ndi nambala yoti ukaifufuze pa intaneti. Za akatswiri amene anamwalira kale zimapita ku makampani oyeza masiginecha monga PSA ndi JSA, ndipo kuyezako nakonso n'kolipira.

Ndinathamangira komwe kunali galimoto ija. Pamalopo panali pataima ina, ya banja lina likudya masangweji.

Alamu anga sanandiseke, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanaseka. Njira yonse yobwerera ku Albany anangotsegula wailesi. Titafika pakhomo ndi pomwe anati, "Alamu, paja za malonda tikusiyireni inu?"

Mafoni ndinaoda ochepa kusiyana ndi mmene ndinakonzera. Mpirawo ndinabwera nawo, uli pa benchi langa, ndimatsindikizira malisiti kuti asauluke ndi mphepo. Kasitomala wina anaufunsapo mtengo sabata yatha, ndinamuuza kuti uwu sindigulitsa.