Kalata kwa mwana wanga wopita ku Likhubula

Milonde, Mulanje

Mwana wanga,

Mawa ukwera kabaza mpaka ku Boma, kenako pa Chitakale ukapeze galimoto yolowera ku Likhubula. A mpingo akusankha kuti pa tchuthi chino ukathandize kusamala ana a m'midzi ya kumeneko, amene azibwera m'mawa n'kumabwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Ndakondwa kwambiri. Koma ana amenewo ali ndi eni ake, ndipo mayi aliyense madzulo adzakhala pakhomo kudikira wake. N'chifukwa chake ndalemba, poti zapakamwa zimaiwalika.

Uzifika pabwalo ana asanafike. Kutsinde kwa phiri kumazizira mwezi wa Ogasiti, makamaka kukachita chiperoni, ndipo ena adzabwera opanda juzi, milomo ili njenjenje. Usawakhazike pansi kuti uyambe kuwaphunzitsa. Ayambe ayimba, avine, thupi lifunde. Pomwepo lemba m'kope dzina la mwana aliyense, mudzi wake ndi amene adzamutenge. Pofika tsiku lachitatu ukhale utawadziwa onse, osati kumangoti "iwe wa malaya ofiira".

Nthawi ya phala ndiyo ndikufuna uyang'anitsitse. Ukudziwa kuti kusukulu zambiri ana amadalira phala la likuni, lija a Mary's Meals anayamba kupereka m'dziko muno mu 2002, ndipo sukulu zikatsekera nalonso limaima. Mwana wina chomwe adzayendere mtunda wonsewo ndi kapu imeneyo basi. Udzamuzindikira: amamwa mothamanga, n'kupukuta m'kapu ndi chala, maso ali pa mphika. Wina amamwa theka, theka linalo n'kuphimba ndi tsamba kuti akapatse mng'ono wake kunyumba. Ameneyo usamufunse pagulu. Muonjezere mwakachetechete, kenako ukauze atsogoleri. Ang'onoang'ono aziyamba kulandira, chifukwa pamzere akuluakulu amawakankha. Ndipo pasapezeke wogwira kapu asanasambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, si nkhani yochita nayo ulesi.

Za masewera sindikuphunzitsa, phada, fulaye ndi jingo ukuzidziwa kuposa ine. Atsikana ofuna mpira wamiyendo uwalole, Tabitha ndi Temwa Chawinga naonso ndi ana aakazi. Dzuwa likakula, khalani pamthunzi muyambe nthano ndi zilapi, ndipo mwana wosalankhula uja umupatse mpata woponya chake.

Tsiku lokayenda kuphiri ndilo likundisowetsa tulo. Nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002 ija, ana angoimva m'nkhani. Mukakafika pa Dziwe la Nkhalamba, dziwa kuti madzi ake ndi akuya komanso ozizira kwambiri, miyala yake ndi yoterera, ndipo anthu odziwa kusambira anamirapo. Mwana asalowemo ngakhale alire chotani. Uwawerenge ponyamuka, pofika ndi pobwerera, wamkulu mmodzi patsogolo, wina pambuyo. Foni ikhale m'thumba. Zithunzi za ana a eni usamaike pa Facebook.

Ndodo usagwire, ngakhale mwana akuvute bwanji. Ena mwa anawo anaona madzi a namondwe wa Freddy akukokolola nyumba zawo mu Malichi 2023, ena anataya makolo. Mvula ikagunda pamalata ukaona mwana wadzipanikiza pakona, pita ukakhale naye pafupi, usamuseke kapena kulola anzake amuseke. Wina akakuululira kuti kunyumba akumuchita zoipa, mvetsera mpaka amalize, usamulonjeze kuti ubisa. Uza mtsogoleri wanu tsiku lomwelo. Palinso nambala yaulere yothandiza ana, 116, uisunge pamtima.

Madzulo usachoke pabwalo mwana wotsiriza asanatengedwe. Munthu wachilendo akabwera n'kunena kuti ndi amalume ake, yang'ana m'kope muja kaye.

Iwenso udzisamale. Uzigona m'neti, ndipo kukada usamayende wekha. M'chikwama ndakuikira juzi yanga yakuda, zitenje ziwiri, sopo ndi chigumu chodya panjira. Ndalama ya ulendo wobwerera ili m'kathumba ka m'kati, usaisokoneze ndi ya mayunitsi. Lamulungu madzulo uziimba foni, abambo ako adzafuna kumva mawu ako.

Ndine mayi ako.