Ulendo wa pa Nyanja Sufuna Phuma

Abale athu okhala ku South Africa akatitumizira zithunzi za tchuthi chawo, nthawi zina timaonamo zombo zikuluzikulu zonyamuka pa doko la Durban, zoyera mbee, zazitali ngati nyumba zosanjikizana za mumzinda. M'kati mwake muli zipinda zogona, malo odyera, ngakhale maiwe osambiramo. Munthu amalipira kamodzi, nakwera, nakhala masiku angapo akudya, akugona ndi kuyang'ana madzi a mchere, kenaka n'kubwerera pa doko lomwe adakwerera lija. Ambiri a ife tikaona zimenezi timangoti n'za anzathu a matumba olemera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tisafulumire kudzimvera chisoni. Nafenso tili ndi nyanja, yotalika makilomita oposa 550 kuchokera kum'mwera kufika kumpoto, ndipo pa nyanja imeneyi pali sitima imene banja la mphunzitsi, la namwino kapena la mlimi wakhama lingathe kukwera litakonzekera bwino. Tikunena Ilala.

Dzinali ndi lakale kuposa sitimayo. Ilala ndi dera la ku Zambia kumene David Livingstone adamwalira m'chaka cha 1873. Patangopita zaka ziwiri, mu 1875, amishoni a ku Scotland adabwera ndi kasitima kakang'ono kamene adakatcha dzina lomwelo. Pofika pa mathithi a mtsinje wa Shire adakaphwasula, anthu nakanyamula pamutu zidutswazidutswa mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Ilala imene tikuidziwa ife ndi yachiwiri. Idamangidwa ku Glasgow mu 1949, nayonso idabwera ili zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kunyamula anthu mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52. Tsono sitima imene yapitirira zaka 70 ili ngati gogo wa pamudzi: timamulemekeza, timamudalira, komanso timadziwa kuti nthawi zina amagonekedwa kuti alandire chithandizo. Pakhala nyengo zina pamene Ilala idaima kwa miyezi ikukonzedwa. Choncho tisanasunge ndalama kapena kupempha tchuthi kuntchito, tiyambe tafunsa ku ofesi ya pa doko ngati sitima ikuyenda, ndi tsiku limene ikunyamuka. Kwa zaka zambiri inkachoka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kukafika ku Chilumba, n'kubwerera m'kati mwa sabata yotsatira, koma ndondomekoyi imasintha, ndipo mawu a mnansi amene adakwera zaka zitatu zapitazo si tikiti. Akulu adati safunsa adadya phula.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchimvetsa tisanaponde pa sitimayi, ndipo zina zonse zimene tinene zikutsamira pa chimenechi. Ilala si hotela yoyandama. Kwa anthu a ku Likoma, a ku Chizumulu, ndi a m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri monga Usisya ndi Ruarwe, kumene msewu ndi wovuta kapena kulibe n'komwe, sitimayi ndiyo basi, ndiyo lole, nthawi zina ndiyonso njira ya wodwala yopitira ku chipatala chachikulu. Imanyamula matumba a chimanga ndi shuga, malata, simenti, njinga, nkhuku, madengu a usipa wouma, ana obwerera kusukulu ndi anamfedwa othamangira maliro. Ife amene takwera kuti tikapume ndife ochepa pakati pa anthu amene akwera chifukwa moyo wawakakamiza. Sitima siichoka pa doko chifukwa wotchi yakwana. Imachoka thumba lotsiriza likatsitsidwa ndi mayi wotsiriza akakwera. Ntchito imeneyi ikhoza kutha maola awiri, ikhozanso kudya usiku wonse.

Ndiye chifukwa chake munthu wa phuma ulendowu umamuwawa. Tidaonapo bambo wina, wovala bwino ndithu, akuzungulira pakhonde la pamwamba ngati nkhuku yofuna poikira, maso pa wotchi, pakuti adali ndi msonkhano m'mawa mwake ku Mzuzu. Sadaone chilichonse: ngakhale nkhwazi imene idatsika n'kutola nsomba pafupi ndi ife, ngakhale dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Tikamakonza ulendo tisiye tsiku limodzi kapena awiri opanda chochita kumapeto kwake. Ukwati wa mphwathu, mayeso a mwana kapena tsiku loyamba ntchito zisakhale m'mawa mwa tsiku limene tikuyembekeza kutsika. Tidziwenso kuti wofuna kuyenda ulendo wonse Lamulungu likhoza kumupeza pamadzi, kotero amene safuna kuphonya Misa afunsiretu doko limene sitima idzakhale tsiku limenelo.

Nyengo nayo isankhidwe mwanzeru. Kuyambira mwezi wa May kufikira August kumaomba mwera, mphepo yozizira yochokera kum'mwera, imene imautsa mafunde aakulu mwakuti munthu sangakhulupirire kuti ali pa madzi opanda mchere. Nyanja yathu ndi yakuya, malo ena pafupifupi mamita 700, ndipo ikakwiya siinyengerera. Okalamba a kumpoto amakumbukirabe sitima ya Vipya, imene idamira ndi namondwe pa 30 July 1946 pafupi ndi gombe la Chitimba, ndipo anthu 145 adatsikira kulichete. Sitikukumbutsa zimenezi kuti tiopseze wina. Ilala yadutsa miyera yoposa 70. Tikungofuna kuti pamene kaputeni walamula kuti sitima idikire kuseri kwa chilumba mpaka mphepo itachepa, ife tisakhale oyamba kung'ung'udza. Kwa banja lokhala ndi ana aang'ono kapena agogo, miyezi ya September ndi October ndiyo yabwino: kumatentha, inde, koma madzi amakhala bata masiku ambiri. Nthawi ya dzinja mapiri amabiriwira mokongola, kungoti mvula ya mkuntho imadza mosaimba ng'oma, ndipo wogona panja amanyowa ndi katundu wake yemwe.

Kunena za kugona panja kwatifikitsa pa nkhani ya ndalama. Malo a m'sitima ali m'magulu. Pali tizipinda tochepa tokhala ndi mabedi, tamtengo wokwera, timene tifunika kusungitsiratu. Pali khonde la pamwamba, la kalasi yoyamba, pamene munthu amayala matiresi kapena mphasa pansi pa denga kapena pa mtetete. Kunsi kuli kalasi yachiwiri, ndi malo otsika mtengo koposa kumene anthu ndi katundu amapanikizana, kutentha kwa injini kuli pomwepo. Mitengo sititchula, poti kwacha ya lero si ya chaka chamawa. Koma maganizo athu ndi awa: banja limene lapita kukapuma lisankhe khonde la pamwamba, ngakhale zitatanthauza kufupikitsa ulendo. Kuli bwino kuyenda usiku umodzi, kuchokera ku Nkhata Bay kukafika ku Likoma, ana akuona nyenyezi ndi kupuma mpweya wabwino, kusiyana ndi kuyenda masiku atatu ali opanikizika, n'kubwerera atadana ndi nyanja moyo wawo wonse. Palibe lamulo loti tiyambire ku Monkey Bay ndi kukathera ku Chilumba.

Powerengera ndalama tisaiwale kuti tikiti ndi gawo chabe. Pali basi yokafika ku doko ndi yobwerera, chakudya, malo ogona pa chilumba podikira kuti sitima ibwerere, ndi kandalama kapadera ka tsiku limene sitidaliyembekeze. Ulendo wa tchuthi wolipira ndi ngongole ya katapila kapena ndi fizi ya mwana si tchuthi ayi. Banja limene liyamba kusunga pang'onopang'ono pokolola, kapena kudzera ku banki m'khonde, limafika October lili ndi mtima m'malo. Tinyamule ndalama zogwirika, zambiri zikhale zing'onozing'ono, pakuti pakati pa nyanja foni imataya netiweki, ndipo mayi wogulitsa nthochi pa gombe sakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu. Tisaziike zonse m'thumba limodzi. Zina asunge bambo, zina amange mayi.

Katundu akhale wochepa, woti mwini wake n'kumunyamula ndi dzanja limodzi. Juzi ndi bulangeti n'zofunika ngakhale mwezi wotentha, chifukwa m'bandakucha pamadzi pamazizira. Zitenje ziwiri kapena zitatu zimagwira ntchito zosawerengeka. Tochi, sopo, madzi akumwa okwanira, ndi kamba wosaonongeka msanga monga mtedza, buledi, mbatata yophika ndi malalanje. M'sitima amagulitsa chakudya, koma ulendo ukatalika zina zimatha. Odwala shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi, ndi onse omwa mankhwala tsiku ndi tsiku, atenge ochuluka kuposa masiku a ulendo. Amene amachita nseru m'basi adzachitanso pamafunde: afunse mankhwala kuchipatala asananyamuke, adye pang'ono, akhale chapakati pa sitima pamene sipagwedezeka kwambiri, ndipo maso awo akhale kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Foni, ziphaso ndi matikiti tizikulunge m'jumbo, timange ndithu.

Jumboyo tiona ntchito yake pa nthawi yotsika. M'madoko ena sitima siifika kumtunda. Imaponya nangula patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono amene amawafikitsa pa gombe, ndipo kawirikawiri mapazi otsiriza timayenda m'madzi ofika m'mawondo, nsapato zili m'manja. Zimenezi zikhoza kuchitika pakati pa usiku. Pa ulendo wonse, apa ndipo pofunika maso anayi. Aliyense amafuna kulowa m'boti loyamba, matumba akudutsa pamwamba pa mitu, phokoso lili ponseponse. Ife tilibe chotithamangitsa. Tidikire boti lachiwiri kapena lachitatu, ndipo tikaona kuti ladzaza kufikira madzi atayandikira m'mphepete mwake, tikane kukwera, ngakhale wina atiseke. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu mmodzi womugwira dzanja, zogawana zichitike tisadafike pa makwerero. Tikangokwera sitima tsiku loyamba, tifunse antchito kumene kuli majekete oyandamitsa munthu, tiwaonetsenso ana. Ambiri a ife a kumtunda sitidziwa kusambira, ndipo palibe chochititsa manyazi kunena zimenezi poyera.

Nanga mavuto onsewa, mphotho yake n'chiyani? Usiku nyali za asodzi a usipa zimandandalika pamadzi ngati mudzi waukulu umene kulibe masana. Nthawi zina patali pamatuluka chinthu chonga utsi wa moto wolusa, chikukwera kuchokera m'madzi; ana amafuula kuti nyanja ikupsa, koma ndi nkhungu, tizilombo touluka tosawerengeka timene anthu a m'mphepete mwa nyanja amatikola n'kupanga ndiwo. Pa Nkhotakota, sitima ikaimapo, tili ndi mpata wouza ana kuti kuchokera pa gombe limeneli ngalawa za Jumbe zinkaolotsa akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, ndi kuti madzi okongolawa adaonapo misozi.

Koma malo oyenera kutsika ndi kukhalapo masiku ndi Likoma. Chilumbachi, pamodzi ndi chinzake Chizumulu, ndi cha Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a dzikolo amaoneka pafupi ngati ungawakhudze. Ndi dziko la milambe ndi miyala, la minda ya chinangwa, la anthu olankhula Chinyanja chimene khutu la wa ku Dedza liyenera kutchera bwino. Pakati pake paima tchalitchi chachikulu cha Anglican cha Petro Woyera, chimene adayamba kumanga mu 1903, pa malo otchedwa Chipyela pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Munthu ukalowamo, n'kuona kutalika kwa zipilala zake, umadzifunsa kuti anthu a pa chilumba chaching'ono chotere, opanda galimoto kapena makina, adautsa bwanji nyumba yotere. Tilowemo mwaulemu monga tichitira m'nyumba yopemphereramo iliyonse. Ana adzafuna kusambira, ndipo m'madzi oyera a m'miyala adzaona mbuna, tinsomba ta mawanga a buluu ndi achikasu. Asambire pamene eni dera anena kuti n'pabwino, wamkulu ali pomwepo. Madzi osayenda a m'mabango tiwapewe, poti m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ndipo amene wasambira m'nyanja achita bwino kukayezetsa patapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale asakumva kanthu m'thupi. Usiku neti ya udzudzu isasowe.

Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amagwera m'madzi mwachindunji, midzi ili kakasi m'mapanga a magombe, ndipo sitima ikalira mudzi wonse umatsikira kunyanja, ana m'mabwato akupalasa mozungulira. Kumeneko timamva Chitonga ndi Chitumbuka. Liwu limodzi loti “yewo” limatsegula nkhope zambiri. Tisajambule munthu tisadamupemphe, makamaka amene ali pa mavuto a katundu kapena a matenda. Botolo ndi jumbo zopanda ntchito tisaponye m'madzi amene anzathuwo amamwa. Mayi wa khanda akasowa pokhala, mnyamata wathu aimirire.

Wofika ku Chilumba ali pafupi ndi Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe pamene Robert Laws adakhazikitsa mishoni mu 1894, ndipo msewu wokhotakhota wokwera kumeneko umayambira pa Chitimba pomwe paja. Kuchokera ku Chilumba kapena ku Nkhata Bay pali magalimoto opita ku Mzuzu, kumene mabasi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amapezeka. Sitima ikafika usiku tisakakamire kupitiriza ulendo mumdima ndi ana otopa. Tigone pa doko, tinyamuke kutacha. Tsiku loyamba kumtunda nthaka imakhala ngati ikugwedezekabe pansi pa mapazi, makamaka tikatseka maso. Zimenezi zimatha zokha pakapita tsiku limodzi kapena awiri.