Pampu Inalibe Mlandu

Mvula yoyamba itagwa ku Dzivarasekwa mu Novembala, thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135 inayamba kunyamula pulawo monyinyirika. Mnyamata woiyendetsa anali atalandira kale ndalama za alimi atatu ofuna kulimiridwa. Mantha atamugwira, anaganiza zotenga fizi ya mlongo wake kuti akagule pampu ina ku Magaba, ku Mbare.

Agogo ake, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata nakalambira m'mafamu akukonza makina kufikira chaka cha 2000, anamuimitsa pachipata.

"Iwe, oyilo wamuona?"

"Alimo, agogo."

Alimo analimodi, koma anali atayera ngati mkaka: madzi anali atalowa. Mkuluyo anafotokoza kuti pampu ya thirakitala imeneyi imakhala m'kati, ndipo imayamwa oyilo yemweyo wa m'giyabokosi. Sefa ikatsekeka ndi litsiro, pampu imayamwa pang'ono, nikankhanso pang'ono. Pofuna kutsimikiza, anakweza pulawo nazimitsa injini. Likanatsika msanga, akanadziwa kuti silinda kapena valavu ikudontha. Koma linakhalabe m'mwamba.

Anakhetsa oyilo yense, natsuka sefa ndi dizilo, nathira watsopano. Pulawo linanyamuka ngati kale, ndipo fizi inabwerera m'kachitini momwe inkasungidwa.

Mkuluyo sanadzitame. Akupukuta manja anangoti, "Mdzukulu wanga, munthu akafooka umayamba wafunsa ngati wadya, usanathamangire naye kuchipatala."