Usananyamuke Ulendo wa ku Kampala

Chitedze,
Lilongwe.

Wokondedwa mwana wanga,

Kalata iyi ndayiika m'thumba la laputopu yako, pamodzi ndi fulashi ziwiri zimene ndinagula m'tauni Lachinayi. Za khalidwe, za mapemphero ndi za anthu oyenda nawo, amayi ako ndi azakhali ako akulankhula mokwanira usiku wa dzana, ndipo ine sindionjezerapo. Yanga ndi nkhani imodzi yokha. Mwina uiona ngati yochepa, koma yakhala ikundisowetsa tulo chiyambire Loweruka.

Tsiku limenelo unali pakhonde, pulogalamu yako ya Zotero n'kukulembera kuti malo osungira mafayilo pa intaneti adzaza. Ndinakumva ukunena wekha kuti, "Ndingofufutako zina." Mtima wanga unagunda, chifukwa mawu amenewo ndinawanenapo inenso, zaka zingapo ndisanapume pantchito. Achinyamata a kafukufuku ndiwo anandiphunzitsa pulogalamuyi kuti ndizisonkhanitsira mapepala a mtedza polemba malipoti. Tsiku lina uthenga womwewo unabwera. Ndinafufuta mafayilo ambiri pa kompyuta imodzi, n'kukhuthula ndi Trash yomwe, ndili ndi mtima woti zonse zilipo pa laputopu ya kunyumba. Madzulo nditangolumikiza laputopuyo pa intaneti, nayonso inatsatira mnzake, mafayilo aja n'kuchoka ndikuona. Ena ndinawapezanso. Koma munali malipoti akale a mtedza wa Chalimbana amene ndinajambula ndekha tsamba ndi tsamba kuchokera m'mapepala otha ndi njenjete, ndipo amenewo sanabwerere. Wolakwa ndinali ine. Safunsa anadya phula.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Kulunzanitsa, kumene pulogalamuyo imati sync, ntchito yake ndi kufananitsa makompyuta ako onse ndi zimene zili pa intaneti. Ukaika chinthu kuno chimaoneka uko. Ukachotsa kuno chimachokanso uko. Sikukusungira kanthu pambali ayi.

Iwe wakulira pano, ukudziwa mmene timasungira mbewu. Siteshoni ya Chitedze inayamba mu 1948, ndipo pano mpamene pali nkhokwe ya dziko lino yosungira mitundu ya mbewu za makolo: mapira, mawere, nzama, khobwe, chimanga cha makolo. Mbewu amaziumitsa, n'kuzimata m'timapaketi, n'kuziika m'mafiriji ozizira kwambiri. Komabe sakhutira ndi zimenezo. Gawo lina la mbewu zomwezo amalitumiza ku nkhokwe ya mayiko a SADC imene ili kufupi ndi Lusaka, kuti magetsi akavuta kuno kapena moto ukabuka, mtundu usathe. Ndipo dziko lonse lapansi lili ndi nkhokwe inanso m'phiri la ku Svalbard, ku Norway, imene inatsegulidwa mu 2008. Agogo ako ku Nsaru sankadziwa za Svalbard, koma chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa moto m'khitchini, china n'kukasiya kwa mng'ono wawo ku Kabudula. Anankafumbwe akagwira cha ku Nsaru, cha ku Kabudula sichinkadziwa n'komwe. Kusunga kwenikweni n'kumeneko: zimene zachitika kuno zisafike uko. Ukumbukirenso laibulale ya yunivesite ya Mzuzu imene inapsa mu Disembala 2015, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa usiku umodzi.

Tsono za malo odzazawo, khazika mtima pansi. Mu Zotero muli zinthu ziwiri zosiyana, monga mmene ku nkhokwe ya mbewu kulili kaundula ndi mapaketi. Kaundula ndi mayina a olemba, mitu ya mapepala, zaka, manotsi ako, ngakhale mizere imene umalemba pa PDF ukamawerengera m'pulogalamu momwemo. Zimenezi zimapita pa intaneti ulere ndipo zilibe malire. Mapaketi ndiwo mafayilo enieniwo, ndipo aulere amakupatsa malo a 300 MB okha. Akadzaza, chimene chimaima ndi kukwera kwa mafayilo atsopano basi. Kaundula amapitirirabe kulunzanitsidwa, ndipo chilichonse chimene chili pa laputopu yako chimakhala chili pomwepo. Palibe chimene chikupsa. Uthengawo ukhoza kukhala sabata yathunthu osauyankha.

Usanakhudze kalikonse, tseka Zotero, upeze foda yake yotchedwa Zotero pa laputopupo, uikopere yonse pa fulashi. Mmenemo muli fayilo ya zotero.sqlite, imene ndiye kaundula uja, ndi foda ya storage mmene muli ma PDF. Uzikopera pulogalamu itatsekedwa, chifukwa ukakopera ili yotsegula ukhoza kutenga kaundula wosakwanira. Ukatero mpamene ungayambe kupeta.

Popeta, yamba ndi mankhusu. Pepala limodzi la m'magazini a sayansi silidya malo ambiri. Zimene zimadzaza ndi mabuku ojambulidwa ndi sikana, ndi zithunzi za masamba a pa intaneti zimene pulogalamuyi imadzisungira yokha nthawi iliyonse ukatenga nkhani. Zithunzi zimenezo ukhoza kuziletsa mu Settings, ndipo zambiri mwa zakalezo sudzazifunanso. Kenako lowa pamene palembedwa Duplicate Items. Ine ndinapezamo pepala limodzi la mtedza wa CG7 litalowa kanayi. Zoterozo uziziphatikiza kukhala chimodzi m'malo mozifufuta, kuti zimene unatchula kale m'zolemba zako zisasokonekere, kenako uone ngati PDF sinatsale pawiri. Udziwenso kuti kuchotsa pepala m'kagulu kena sikulichotsa m'laibulale yonse, ndipo chimene chili mu Trash chimadyabe malo mpaka utakhuthula ndi kulunzanitsa. Pulogalamuyi imasunga za mu Trash masiku 30 isanazitaye yokha. Masiku amenewo ndi chisomo, usawafupikitse monga ndinachitira ine. Yang'anamo kawiri.

Mabuku akuluakulu ukhoza kuwasunga m'foda yako pa laputopu, Zotero n'kumangoloza kumene ali. Amenewo sawerengedwa pa 300 MB paja, chifukwa sakwera pa intaneti n'komwe, ndiye kuwasamala kuli kwa iwe wekha.

Pa tsamba lawo la pa intaneti palinso batani lolembedwa Purge Storage, limene limasesa mafayilo onse a laibulale yako amene ali kumeneko. Limathandiza, koma ndi nkhwangwa yakuthwa. Ngati unasankha kuti mafayilo azitsika pokhapokha ukawafuna, pofuna kupulumutsa bandulo, pakhoza kukhala ena amene ali pa intaneti pokha, pa laputopu palibe. Ukasesa, apita. Uyambe watsimikiza kuti onse atsika, ndipo uzimitse kulunzanitsa mafayilo, apo ayi angokweranso n'kudzazanso malo aja.

Anzako ena akakuuza kuti ungoika foda yonse ya Zotero mu Google Drive kapena Dropbox kuti upeze malo ambiri aulere. Ukakane. Eni pulogalamuyi amachenjeza okha kuti zimenezo zimaononga kaundula, pakuti mapulogalamu awiri amakhala akulimbirana fayilo imodzi. Kuikamo kope limene wakopera pulogalamu itatsekedwa, ngati katundu wongosunga, kulibe vuto. Choletsedwa n'kugwiriramo ntchito.

Kugula malo si kuononga ndalama. Pamene ndinayang'ana komaliza, 2 GB inali madola 20 pachaka, 6 GB madola 60, ndipo yopanda malire madola 120. Ndalama zakunja zikuvuta kuno, ukudziwa, koma ngati ya sukulu ikatsalako, ya 2 GB ikukwanira zaka zako ziwirizo. Ndikadakonda kuti ugule imeneyo kusiyana ndi nsapato yachitatu. Ena amathawira ku Mendeley poti amapereka 2 GB ulere. Sindikuletsa, koma kusamuka pakati pa ntchito kumataya zinthu, ngati kusamutsa nkhokwe mvula ili kugwa. Ngati n'kusintha, usinthe pano usanayambe kulemba. Ndipo mukadzatsegula laibulale ya gulu ndi anzako a m'kalasi, dziwa kuti mafayilo onse a gululo amadya malo a mwini gulu. Ukhoza kudzazidwa ndi katundu wa anthu ena. Mugwirizane poyamba.

Akaunti yako ikhale pa imelo yako ya iwe mwini, chifukwa ya sukulu akhoza kudzaitseka ukamaliza. Pasiwedi uilembe penapake pobisika.

Mwina ukudabwa kuti bambo ako achulukitsiranji mawu pa za mafayilo, mwana akupita kudziko la eni. Ndaona anthu akubwera kudzayesa mbewu m'minda ino zaka zoposa makumi atatu. Bungwe la kafukufuku la ICRISAT linafika pano mu 1982, CG7 n'kutuluka mu 1990, ndipo pakati pa zaka zimenezo panali anthu olemba m'mabuku a m'munda, dzuwa lili pamutu, mzere ndi mzere, chaka ndi chaka. Mtedza umene alimi a ku Mpingu ndi ku Namitete akhala akugulitsa unadutsa m'mabuku amenewo. Iwe ukupita ku Makerere kukaphunzira ntchito yomweyo yopanga mbewu, ndipo zimene ukawerenge ndi kulemba kumeneko si zako wekha. Pali mlimi wa ku Nambuma amene akuzidikira ngakhale sakukudziwa. Sindifuna kudzamva kuti zaka ziwiri za thukuta lako zapita ndi laputopu yobedwa m'basi, kapena ndi batani limodzi lodinidwa usiku uli wotopa.

Fulashi yofiirayo uzikoperapo Loweruka lililonse, ndipo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Yakudayo ndakoperapo kale foda yako yonse dzulo uli ku Msundwe ndi amayi ako. Uikopererenso ukakhazikika, ndipo ukamadzabwera pa Khirisimasi udzandisiyire. Ndidzaiika m'sutikesi ya zikalata, momwe muli satifiketi yako ya Fomu 4.

Ukatera pa Entebbe utiimbire, ngakhale utakhala usiku. Amayi ako sagona mpaka atamva mawu ako.

Ndine,
Bambo ako.