Gwafa, Thobwa ndi Mabotolo Otsuka M'mimba

Kwathu ku Ntcheu matenda a m'mimba ndiwo ankachedwa kufika kuchipatala kuposa ena onse. Malungo akakula munthu ankamukweza panjinga, wothyoka mwendo ankamunyamula pamachira, koma wotsegula m'mimba ankayamba wathera nzeru za pakhomo. Nzeruzo zinalipo zambiri, ndipo mayi wamkulu aliyense anali ndi zake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 pamene ndinabadwa kufika lero, sindikuona mbali ina ya umoyo wa pabanja imene yasintha ngati imeneyi, ndipo si zonse zasinthira kwabwino.

Mankhwala oyamba anali gwafa. Agogo ankathyola nsonga zanthete, kuziwiritsa m'kamphika mpaka madzi atafiira, n'kukupatsa m'chikho akadali ofunda. Ankawawa, ndipo ukameza lilime linkatsala louma. Ukadya nyama yogona n'kuyamba kumva kupotokola, ankasinja makala a pamoto n'kusungunula m'madzi. Wodzimbidwa ankamwa madzi a phulusa, wa njoka zam'mimba ankatafuna njere za papaya. Palibe chimene chinkagulidwa. Zonse zinali kuseri kwa nyumba kapena pamafuwa.

Koma panali chikhulupiriro chimodzi chimene chinatitengera ana ambiri. Ankati mwana wotsegula m'mimba usamupatse madzi, chifukwa ukungowonjezera zoti atulutse. Ena ankaletsa ngakhale bere. Khanda likafooka, maso n'kulowa, pamutu n'kuchita kadzenje, ankati ndi liwombo, ndipo ankasinja mizu, kusakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kumata pamutupo. Mwana wokwawa akatsegula ankati ndi mano akumera. Akapitirira kuwonda nkhani inkasanduka ya tsempho, akuluakulu n'kuyamba kufunsana kuti walakwa ndani pakati pa bambo ndi mayi. Nthawi yonseyi thupi la mwana linali likuuma. Liwombo lolowa ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, choncho chimene mwanayo ankamumana ndi chomwecho chikanamupulumutsa.

Ndinali kupulayimale pamene mlongo wanga, chitsirizira cha amayi, anadwala chotere. Amayi anali atangophunzira kusikelo za madzi a mchere ndi shuga. Ndikuwakumbukira atakhala pakhonde ndi paketi ya Chibuku yotsukidwa bwino, imene inali muyeso wathu wa lita, akuthiramo madzi owiritsa oziziritsa, kenako shuga ndi kamchere monga anawauzira anamwino. Analawa kaye okha. Agogo anatulukira kuchokera kunkhokwe n'kuima chilili.

“Mwanawe, ukufuna kumupha mwanayu? Madzi pa mimba yotsegula?”

“Iyayi amayi, kusikelo atiuza kuti tizimumwetsa pang'onopang'ono. Akasanza tidikire kaye, kenako tiyambirenso.”

Anamumwetsa usiku wonse ndi supuni, kwinaku akumuyamwitsa. Kutacha mwana anakodza, ndipo polira misozi inatuluka. Agogo sanatsutsenso, koma mankhwala a paliwombo sanachotse. Kwa zaka zambiri nyumba za m'mudzi mwathu zinkachita zonse ziwiri, kumata pamutu ndi kumwetsa madzi, mpaka kumatako kunangozilala kokha.

Chifukwa chimene timadzi timeneti timagwirira ntchito ndinachimva nditakula. Mabakiteriya ena, monga a kolera, amatulutsa poizoni amene amachititsa khoma la matumbo kukhuthula madzi ndi mchere, moti munthu wamkulu angataye malita ambiri tsiku limodzi, chimbudzi chake chotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Koma poizoniyo saitseka njira imene shuga amalowera m'thupi, ndipo shuga akamalowa amalowa limodzi ndi mchere, madzi n'kutsatira. Muyeso wake ndi wofunika kwambiri: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsegula n'kukula, ndipo n'chifukwa chake zakumwa zotsekemera za m'botolo sizilowa m'malo mwake. Njira imeneyi inaonetsa mphamvu zake mu 1971 m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, kumene Dr Dilip Mahalanabis wa ku India, madiripu atamuperewera, anamwetsa odwala kolera madzi otere ndipo imfa zinatsika kwambiri.

Pofika nthawi yobereka ine, paketi ya Chibuku inali itasiyira malo Thanzi ORS, kapaketi kongosungunula mu lita ya madzi. Mu 2004 bungwe la WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana wotsegula m'mimba azimwanso zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Mu Okutobala 2012 katemera wa rotavirus, kachilombo kamene kamatsegulitsa m'mimba ana aang'ono ambiri, anayamba kuperekedwa kusikelo m'dziko muno. Mijigo inafika m'midzi, WaterGuard anafika m'magolosale, alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kufunsa za chimbudzi ndi mpondagiya. Ngakhale kasambidwe ka m'manja kanasintha. Kale beseni linali limodzi, kuyambira abambo, kutsirizira mwana wamng'ono amene ankasamba litsiro la onse. Lero timathirirana, ndipo mlendo sakhumudwa nazo.

Kolera sanatisiye. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha mliriwo. Kumene ndikukhala ku Lilongwe tinkafola ndi timabotolo kulandira klorini wothira m'ndowa. Chimene ndinaona chatsopano n'chakuti munthu akayamba kutsegula, anansi ankathamanga ndi Thanzi uku akufunafuna galimoto, ndipo panalibe wonena kuti musamupatse madzi. Pamenepa tinapita patsogolo, ndipo ndimayamika Mulungu kuti ndakhala ndi moyo n'kuziona.

Chimene tinataya chili m'mbale. Agogo omwewo amene ankalakwitsa za madzi ankatidyetsa bwino kuposa mmene ambiri tikudyetsera ana athu m'tauni. Dzinja likafika ndiwo zinali bonongwe, chisoso, luni, denje, nkhwani wotendera, khwanya ndi kholowa, zambiri zongomera zokha m'munda. Zotsala ankazifutsa n'kuzikulunga m'zikwatu za masamba a msuku, kuti m'chilimwe mphika usasowe zamasamba. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama sizinkasowa. Pochokera kusukulu tinkatola masuku ndi maye, ndipo obwera kuchokera kuchigwa ankatitengera malambe, bwemba ndi masau. Mmawa kunali phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yowotcha imene tinkadya ndi makoko omwe.

Ndiye panali thobwa. Amayi ankaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu, n'kulisiya kuti lipole mpaka chala chizitha kupirira. Akathira chimera cha mawere n'kutakasa, phala lolimba lija linkasungunuka uku ukuona, n'kusanduka lamadzimadzi ndi lotsekemera popanda shuga. Ankaliwiritsanso, kulithira mumtsuko, kuvundikira, ndipo mawa lake linkayamba kuwawasa. Ndilo linali chakumwa cha kumunda, cha pamaliro, cha mayi woyamwitsa ndi cha wodwala amene nsima yamukana. Madzi ake anali atawira kawiri. Kuwawasa kuja kumabwera ndi mabakiteriya abwino, amtundu womwewo umene umasasitsa chambiko, ndipo asidi amene amapanga amalepheretsa tizilombo tambiri toyambitsa matenda kuswana. Pa nthawi imene madzi tinkatunga pachitsime chosavundikira, chikho cha thobwa chinali chotetezeka kuposa chikho cha madzi a mumtsuko. Sindikunena za thobwa la m'mabotolo otoledwa, lochepetsedwa mphamvu ndi madzi osadziwika kumene achokera. Limenelo likhoza kukudwalitsa.

M'matumbo aakulu a munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo ambiri mwa iwo timawafuna. Chakudya chawo ndi zija thupi lathu siligaya palokha: gaga wa chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'masamba ndi m'zipatso. Akazidya amatulutsa timaasidi timene timadyetsa ndi kulimbitsa khoma la matumbo, ndipo akakhala ambiri oipa aja amasowa malo. Ife tinkawadyetsa tsiku ndi tsiku osadziwa. Kenako mgaiwa tinautcha chakudya cha njala, cha kusukulu yogonera komweko ndi cha kundende. Tinayamba kunyadira ufa woyera mbee, gaga yense n'kupita kwa nkhumba ndi nkhuku. M'tauni mwana amadzuka ndi buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri, masana tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chotsekemera, madzulo nsima yoyera ndi kamsuzi. Bonongwe amene tinkangozula m'mphepete mwa khola lero ndi wogula, kamulu kakang'ono. Sindidabwa kumva achinyamata akudandaula kudzimbidwa ndi kutupa mimba, madandaulo amene kale tinkawamva kwa okalamba okha.

Kukonola kuli ndi ubwino wake umene suyenera kubisidwa. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo safa ndi moto wophikira. Kukonola ndi kuviika mphale kumachotsako gawo la poizoniyo. Choncho wofuna mgaiwa asankhe chimanga chake, njere zowola ndi zofumbwa ataye, ndipo mtedza wonyala ndi wowawa usalowe mumtondo wa nsinjiro. Agogo ankakhala tsiku lonse pamphasa ndi lichero akusankha, ife n'kumaona ngati ntchito yotayitsa nthawi. Anali osamalanso ndi mkute: nsima yogona ankaiwotcha pamakala isanafike kwa mwana, ndipo ndiwo zogona ankaziwiritsanso. Mpunga wokha ndiwo wovuta. Ukakhalitsa pofunda, monga zimachitikira pamaukwati, mabakiteriya ena amasiyamo poizoni amene kutenthetsanso sikumupha, ndipo anthu amasanza pasanapite maola ambiri.

Mimba zitayamba kuvuta, ogulitsa anabwera. Ukakwera basi yopita kumudzi, pemphero likangotha amaimirira bambo wa jekete ndi chikwama. “Makolo anga, m'mimba mwanumo mwadzaza poizoni wa zaka ndi zaka. Botolo ili litsuka zonse.” Botolo limodzi lomwelo akuti likuchiza shuga, BP, zilonda zam'mimba ndi kusabereka. Ena amagulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook, matiyi ndi maufa a mitengo yoposa ya thumba la nyemba. Ambiri mwa mankhwalawa ntchito yake ndi kutsegula m'mimba basi. Madzi achikasu a m'khungu la aloe vera amachita zomwezo. Munthu akathamangira kuchimbudzi amakhulupirira kuti zoipa zikutuluka, pamene zikutulukazo ndi madzi ndi mchere wa m'thupi mwake. Ntchito yochotsa poizoni m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo botolo silizithandiza.

Mayi wina woyandikana nane ankamva kutentha pamtima kwa nthawi yaitali, ndipo anagula botolo lotere. Ndinamupeza atagona pamphasa kuseri kwa nyumba, milomo itauma gwa, akundiuza monong'ona kuti, “Anzanga, zikutuluka, ndiye kuti akugwira ntchito.” Atayesa kudzuka anachita chizungulire n'kugwa. Tinamutengera kuchipatala kumene anamuika diripu, ndipo atamuyeza anapeza kuti vuto lake linali zilonda zam'mimba. Zilonda zambiri zotere zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, amene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anamutulukira mu 1982, ndipo amachizika ndi mankhwala a kuchipatala omwa pafupifupi milungu iwiri. Mayiyu anali atawononga ndalama za lendi pa chinthu chimene chinatsala pang'ono kumupha. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunandithere, chifukwa wogulitsayo akukwerabe mabasi.

Chizolowezi china chatsopano ndi cha makapisozi. Mwana akangotsegula kamodzi, munthu amathamangira kugolosale kukagula Flagyl kapena Bactrim, mapiritsi awiri kapena atatu monga ndalama yakwanira. Kutsegula m'mimba kwambiri kwa ana kumayamba ndi mavairasi, amene mankhwalawa sawakhudza n'komwe. Amene amafa ndi mabakiteriya abwino aja, ndipo oipa opulumuka amazolowera mankhwalawo. Ku Blantyre, kuyambira mu 2011, tayifodi yosamva mankhwala akale inachuluka kwambiri, ndipo mu 2023 katemera wa tayifodi anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno. Mankhwala opha mabakiteriya ali ndi nthawi yake, monga pa kamwazi ndi pa tayifodi, koma wonena nthawiyo ndi dokotala, ndipo amamwedwa onse mpaka kutha.

M'nyumba mwanga ndinabwezeretsa mgaiwa, ngakhale ana anayamba adandaula kuti nsima yada. Chimera ndimagula pa Lizulu ndikamachokera kumudzi, ndipo kuseri kwa bafa ndinasiya kachigawo koti bonongwe ndi chisoso zizimera. Gwafa ndimawiritsabe munthu wamkulu akamva kupotokola pang'ono, koma mapaketi a Thanzi sasowa m'kabati.

Mwezi watha mwana wa achimwene anga anandiimbira foni usiku kuchokera ku Ndirande, khanda lake likutsegula m'mimba. “Azakhali, ndikagule mankhwala anji?” Ndinamufunsa ngati mwana akuyamwa, ngati akukodza, ngati m'chimbudzi muli magazi, ndiponso ngati thupi latentha. Anati akuyamwa ndipo magazi mulibe. Ndinamuuza kuti asungunule Thanzi m'madzi owiritsa, amumwetse ndi supuni akangochita chimbudzi, bere asaleke, ndipo kukacha apite naye kuchipatala akalandire zinki. Ndinamuuzanso kuti mwana akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse kapena akalefuka, asadikire kuti kuche.