Khadi yatsopano pa chaja yakale

Kunyumba kwathu ku Railways kuli laputopu imodzi, koma eni ake tili atatu: awiri a mimba imodzi ndi msuweni wathu amene anachokera ku Katete kudzaphunzira ku Kabwe n'kukhaliratu. Ndi Alienware 17 ya 2013, yolemera ngati njerwa, imene tinagula kwa munthu wina amene anali atatopa nayo. Masana anyamata a m'dera lathu amadzazana pa khonde kusewera FIFA ndi GTA V, aliyense amalipira gemu yake. Usiku timakonzerapo mavidiyo a maukwati ndi a kitchen party amene timajambula Loweruka. Munda wathu ndi umenewo.

Malaputopu ambiri graphics card yake inamatiridwa pa bolodi, ikakalamba ndiye kuti makina onse akalamba. Yathu ndi ya gulu lochepa lija limene khadi imalowa m'malo ake otchedwa MXM, njira imene kampani ya Nvidia inayambitsa mu 2004, ndipo ungaichotse n'kuikapo ina. Titangodziwa zimenezi tulo tinatha. M'kati munali GTX 765M ya 2GB, imene inali kuvutika kale ndi mavidiyo aatali. Mitima yathu inagwera pa GTX 980M, khadi ya 2014, ya 8GB, yokhala ndi tizigawo towerengera 1536 pamene yakale ili nato 768. Pa pepala zinali zoonekeratu kuti nchito idzayenda kawiri.

Ndalama tinalibe. Mu August 2024 inali nthawi ya amai kulandira chilimba, ndipo anali atakonza kale zogula malata a kukhichini mvula isanayambe. Tinawanyengerera masabata awiri. Tsiku limene anavomera anangonena kuti, "Imwe ana, mvula ikandipeza ndikuphika pansi pa ambulera, kompyuta yanuyo ndidzaikapo mapoto." Khadiyo tinaitanitsa yogwiritsidwapo kale nchito kuchokera ku China kudzera mwa munthu wa ku Lusaka, ndipo inafika kumapeto kwa September itakulungidwa mu kapepala ka siliva.

Kuika kunali kosavuta kuposa mmene tinali kuopera. Driver inakana poyamba, chifukwa mu ndandanda yake mulibe laputopu yathu yokhala ndi khadi imeneyi, choncho tinasintha mizere ingapo mu fayilo ya INF ndipo inalowa. GTA V inatseguka yosalala ngati galasi. Tinakuwa mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa.

Chimwemwecho chinatha patangopita mphindi zitatu. Galimoto ya mu gemu inayamba kudumphadumpha, kenako kukwawa, n'kuyambanso kuthamanga pang'ono, n'kukwawanso. Pa FIFA zinafika poipa: wosewera akamenya mpira, umaonekera uli kale mu golo kapena kunja. Anyamata a pa khonde sachedwa kuweruza. Wina anati, "Amdala, makina yanu yadwala malungo," ndipo pofika Lachisanu theka la iwo linali litasamukira kwa munthu wa PlayStation kufupi ndi msika. Tinalinso titalandira kale theka la malipiro a vidiyo ya ukwati wina, ndipo amai a mkwatibwi anali kuimba foni tsiku lililonse.

Tinaika pulogalamu ya GPU-Z kuti tione zimene zikuchitika m'kati. Khadi inali kuyamba pa liwiro lake la 1038 MHz, kenako n'kutsika yokha kufika pansi pa theka la pamenepo. Amisiri amatcha zimenezi throttling. Makina sanaonongeke, akudzibweza okha dala chifukwa china chake chawauza kuti akapitiriza chonchi apsa kapena azima. Nchito yonse ndi kupeza chimene chikuwauza.

Ife tinaloza kutentha, ndipo aliyense amene anakhalako ku Kabwe mu October sangatiimbe mlandu. Khadi inali kufika madigiri 90 ndi kupitirira. Titatsegulanso n'kuchotsa mafani, tinapeza fumbi litapanga kabulangete kuseri kwa timizere ta heatsink, pamene mpweya wotentha umatulukira. Tsiku loika khadi tinali ndi changu, sitinayang'aneko n'komwe. Mmodzi wa ife anadzaza masaya kuti auzire, amai n'kumugwira phewa. Fumbi la kuno sitisewera nalo. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapatsa tauni ino dzina lakale la Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala mu dothi, ndipo ana a ku Kasanda, Chowa ndi Makululu ndi amene akhala akupezeka nawo wambiri m'magazi. Railways sili pakhomo pa mgodi, koma mphepo ya chilimwe sifunsa malire a madera. Tinatulutsa zonse panja, n'kupukuta ndi kaburashi ndi kansalu konyowa pang'ono, pakamwa titamanga nsalu.

Pamenepo tinaonanso kulakwa kwathu kwina. Timapadi tofewa timene timakhala pakati pa heatsink ndi tizigawo ta khadi tinangotibwezera mmene tinalili pa khadi yakale, osaganiza kuti pa yatsopano tizigawoto tili m'malo ena. Tina tinali tosakhudza chitsulo n'komwe. Thermal paste nayo tinaipaka ngati bata pa buledi. Tinagula timapadi tatsopano, n'kudula kamodzikamodzi molingana ndi malo ake, n'kuika kadontho ka paste pakati basi. Kutentha kunatsika kufika m'ma 70. Tinagwirana chanza. Patapita mphindi zisanu galimoto ya mu GTA inayambanso kukwawa.

Mu GPU-Z muli kamzere kolembedwa PerfCap Reason, kamene kamanena chifukwa chimene khadi ikudzibwezera. Tinali titakayang'ana kambirimbiri osakawerenga. Khadi ikamabwezedwa ndi kutentha pamalembedwa Thrm. Pathu panali kulembedwa Pwr. Magetsi.

Msuweni wathu anatenga pensulo n'kulemba pa chikuto cha buku. GTX 980M imafuna mawati pafupifupi 100. Purosesa yathu, i7-4700MQ, imafuna 47. Onjezani sikirini ya mainchesi 17, mafani awiri, ma hard drive, magetsi okongoletsa aja a pa kiyibodi. Chaja imene inabwera ndi laputopu inali ya mawati 180. Masamuwo anali othina kale, koma panali chinthu china chimene munthu wa ku Ulaya kapena ku America sangachiganizire msanga. Chaka chimenecho kunali chilala, ndipo mu February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika September ndi October masiku ena malaiti anali kubwera maola atatu okha. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene malaiti abwera, batire ya laputopu inali itatheratu. Chaja yomweyo inali kudyetsa khadi, purosesa ndi batire yanjala pa nthawi imodzi. Titayesa kudikira kuti batire idzaze kaye, gemu inayenda bwinoko kwa kanthawi kotalikirapo. Koma amene ali ndi maola atatu okha sangapereke limodzi kuti batire idye.

Mmodzi wa ife anakwera basi ya m'mawa kupita ku Lusaka, n'kubwerako madzulo ndi chaja yolembedwa 240W, yonyezimira, mu katoni. Wogulitsa analumbira kuti ndi yeniyeni. Atate anainyamula m'manja, n'kunyamulanso yakale, n'kunena kuti, "Yaikulu ipepuka bwanji kuposa yaing'ono?" Sitinawayankhe. Titailumikiza zinthu zinaipiratu. Batire inasiya kudzaza, purosesa inakakamira pa 800 MHz, ndipo ngakhale kutsegula foda kunali ngati kukoka ngolo pa mchenga. Titalowa mu BIOS, pa malo olemba mtundu wa chaja panalembedwa Unknown.

Apa ndi pamene tinaphunzira za kasingano kamene kali pakati pa mutu wa chaja za makina amenewa. Sikanyamula magetsi oyendetsa laputopu. Ndi kanjira kamene kachipu ka m'kati mwa chaja kamauzira laputopu kuti ine ndine wa mawati akuti. Laputopu ikapanda kumva uthengawo, kaya chifukwa chaja ndi yachinyengo, kasingano kapindika kapena waya waduka m'kati, imaganiza zoipitsitsa. Imachepetsa liwiro n'kuleka kudzaza batire kuti isakoke magetsi amene chajayo singakwanitse. Tinaimbira wogulitsa uja. Anati katundu akatuluka mu shopu sabwerera, ndipo tsiku lotsatira foni yake sinalowenso.

Pali pulogalamu yotchedwa ThrottleStop. M'menemo muli kabokosi kolembedwa BD PROCHOT, chizindikiro chimene ziwalo zina za makina zimatumizira purosesa kuti itsike liwiro. Ukachotsa chongapo purosesa imaleka kumvera. Tinakangana usiku wonse. Mmodzi anati chajayo mwina ili ndi mphamvu ndithu, changosowa ndi kachipu. Wina anati tikaotcha bolodi ndiye kuti malata a amai, khadi ndi laputopu zonse zapita limodzi. Wachitatu anangoonetsa foni: amai a mkwatibwi anali ataimba kasanu.

Atate anali kumvetsera ali pa mpando wao wa pa khonde. Anagwira nchito ya njanji zaka zambiri, monga anthu ambiri akale a dera lino, chifukwa likulu la Zambia Railways lili mu Kabwe muno ndipo nyumba zathuzi zinamangidwira anthu a nchito imeneyo. Anatiuza kuti pa njanji pamakhala malo amene amaikapo malire a liwiro, kumene mitanda ya pansi yafooka kapena dothi lakokoloka. Injini ingakhale yatsopano, yamphamvu chotani, dalaivala akafika pamenepo amatsitsa. "Mukhoza kuzula chikwangwanicho," anatero, "koma njanji ya pansi simunaisinthe." Ife tinaseka, n'kunena kuti kompyuta si sitima. Malaiti atabwera cha m'ma 23 koloko tinachotsa chonga chija.

Kunena zoona, zinayenda. Purosesa inakwera, vidiyo ya ukwati inayamba kutuluka pa liwiro limene sitinalionepo. Patapita mphindi makumi awiri m'chipinda munayamba kununkha pulasitiki. Chaja inali yotentha moti sungaigwire, kenako inalira kamodzi kuti thi, n'kuzima. Laputopu inagwera pa batire yopanda kanthu n'kuzimanso, vidiyo ili pakati. Palibe amene analankhula. Tinailumikiza ku chaja yakale mitima ili m'mwamba, ndipo nyali ya kutsogolo itayaka msuweni wathu anakhala pansi pa simenti n'kugwira kumutu. Atate m'mawa mwake sanatchule kanthu, zimene zinatipweteka kuposa akanatinyoza.

Chaja yeniyeni tinaipeza mu tauni mwathu momwe muno, kwa mmisiri wina wokonza makompyuta amene ali ndi kashopu kosatalikira ndi Big Tree. Anali nayo m'bokosi la zinthu zakufa, yochokera ku laputopu ina imene inathiridwa madzi. Inali yokandikakandika, waya wake womangidwa tepi, yolemera ngati mwala. Tisanalipire anatiuza kuti tiyatse makina pomwepo n'kulowa mu BIOS. Panalembedwa 240W. Anationetsanso zinthu ziwiri zimene sanatilipiritse: kuika malire a mafelemu 60 pa sekondi m'magemu, popeza sikirini yathu singaonetse oposa pamenepo ndipo otsalawo amangodya magetsi, ndi kutsitsa pang'ono volteji ya purosesa mu ThrottleStop yomweyo, kabokosi koopsa kaja titakabwezera chonga chake. Chiyambire tsiku limenelo khadi imakhala pa liwiro lake ola lonse, ndipo pa kamzere kaja Pwr imangoonekera mwa apo ndi apo.

Chimene chaja yabwino sinathe kukonza ndi Kariba. Malaiti akapita, laputopu imadzibweza yokha pa batire, ndipo pamenepo palibe chinyengo cha munthu, batire singatulutse mawati amene khadi imeneyi imafuna. Tinayesa ka inverter ka aneba ka mawati 300 kolumikiza ku batire ya galimoto. Kanapirira FIFA theka la gemu, kenako kanayamba kulira ngati mwanapiye. Choncho tinasintha tulo. Wina amagona pa mphasa pafupi ndi soketi, babu la m'chipinda atalisiya loyatsa, kuti malaiti akabwera pakati pa usiku limudzutse. Vidiyo ya ukwati ija tinaimaliza usiku wachitatu, itachedwa masiku 16, ndipo amai a mkwatibwi anadulako ndalama pa zotsala. Sitinatsutse.

Anyamata a pa khonde anabwerera pang'onopang'ono, ena mpaka pano ali kwa wa PlayStation. Mvula yoyamba inatipeza titabweza ndalama zokwana malata asanu pa khumi amene amai anali kufuna. Atate anawakhoma mbali ya ku mbaula, mbali inayo tinayala tenti yakale n'kutsindika ndi njerwa. Chaja yachinyengo ija amai anaitenga, amatsekera nayo chitseko cha kukhichini kuti mphepo isachimenyetse, ngakhale amadandaula kuti ndi yopepuka.