Tinayenda Pansi m'Mapiri a Siavonga

Ife a m'makomboni a Lusaka timaidziwa Siavonga ndi pakamwa pokha. Kapenta amene timagula ku msika wa Soweto amatchedwa dzina la malowa, ndipo magetsi akazima ku Chawama kapena ku Mtendere, aliyense amangoti madzi achepa ku Kariba. Komabe mwa ife abwenzi 14 amene tinasonkha ndalama m'chilimba kwa miyezi isanu ndi umodzi, atatu okha ndiwo anali ataionapo nyanjayo. Choncho patchuthi cha Heroes ndi Unity, mu July 2025, tinapangana zokaiona ndi maso athu, ndiponso kuyenda pansi m'mapiri ake, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinanyamukira ku Matero m'bandakucha pa minibasi yahayala. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 200. Titaoloka mtsinje wa Kafue tinalowa msewu wa ku Chirundu, umene umatsika mapiri mokhotakhota. Pa Kapiri Ngozi nthabwala zonse zinatha, ndipo amayi ena anatulutsa korona m'thumba. Tisanafike ku Chirundu tinakhotera kudzanja lamanja. Apa dziko linasintha: milambe ikuluikulu, mitengo ya tsanya, mbuzi, ndi nthaka yokokoloka ya ku Lusitu. Tinangodutsa osalabadira, osadziwa kuti dzina limeneli tidzalimvanso.

M'mawa mwake tinayamba kukwera. Tauni ya Siavonga inamangidwa pamapiri, ndipo miyendo yozolowera chigwa cha Kanyama inavutika msanga. Mkulu wathu wa ku George, amene kwao sasowa chonena, anakhala pamwala kawiri konse akupuma wefuwefu. Achinyamata anamusenzera chikwama, iye nangoti, “Ana inu, Mulungu akudalitseni, koma musakanene zimenezi kwa amayi anu.” Titafika pamwamba tinakhala chete. Madzi anali mbee mpaka kumene maso amalekeza, zilumba zili apo ndi apo, ndipo kutsidya kunkaoneka mapiri a Zimbabwe.

Potsika tinatsata njira ya m'mphepete mwa nyanja. Asodzi amene anali kuyanika kapenta pamathandala anatichenjeza kuti tisaponde m'madzi chifukwa cha ng'ona ndi mvuu. Anatifotokozeranso kuti kapenta amagwidwa usiku: amayatsa nyali zowala pabwato, nsomba zikasonkhana amakweza ukonde. Tinadabwa kumva kuti kansombaka n'kachilendo m'nyanjayi, kanachita kutengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960.

Pa njira yomweyo tinakumana ndi agogo ena aakazi a Chitonga akukwera phiri ndi chigubu cha madzi pamutu. Mnzathu wa ku Kalingalinga, amene amalankhula Chitonga, anawalonjera nawalandira chigubucho, ndipo tonse tinawaperekeza. Agogowo anatiuza kuti anabadwira m'mbali mwa Zambezi, pamudzi umene tsopano uli pansi pa madzi, ndi kuti banja lawo linasamutsidwira ku Lusitu iwo ali kamtsikana. Analoza pakati pa nyanja, nati manda a makolo awo ali kumeneko.

Owerenga okondedwa, mbiri yake ndi iyi. Damu la Kariba linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kuti madzi apeze malo, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anachotsedwa m'minda yawo ya madimba, momwe ankakolola kawiri pachaka. Anthu a Mfumu Chipepo okwana pafupifupi 6,000 anatumizidwa ku Lusitu. Ena anakana kusamuka, ndipo mu September 1958 apolisi a boma la atsamunda anaombera, amuna asanu ndi atatu naphedwa. Dziko lonse linamva za ntchito yopulumutsa nyama zotsekeredwa pazilumba, yotchedwa Operation Noah, koma za anthuwa zinamveka pang'ono.

Tsiku lachitatu tinapita kukhoma lenileni la damu, lotalika mamita 128. Kuyang'ana pansi kumachititsa chizungulire. Anthu 86 anafa pomanga khomali, ndipo amisiri a ku Italy anamanga tchalitchi cha Barbara Woyera paphiri la kutsidya, m'tauni ya Kariba, momwe akufawo amakumbukiridwa. Pansi pa thanthwe limene tinaimapo pali makina opanga magetsi athu. Mu 2024, chilala chitauma, madzi anachepa kotero kuti m'makomboni tinkakhala mumdima maola oposa 20 patsiku. Ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ku Kalingalinga ndi amayi ogulitsa nkhuku za m'firiji analira kwambiri chaka chimenecho. Ifenso tinadandaula, koma palibe mwa ife anafunsapo kuti anthu amene anapereka minda yawo akukhala bwanji.

Madzulo ake tinakhala pamchenga tikudya nsima ndi kapenta wokazinga, nyali za asodzi zikuthwanima panyanja ngati mudzi wina. Amayi a ku Kanyama, amene nyumba yawo imalowa madzi pafupifupi dzinja lililonse, ndiponso anadwazika mwana pa mliri wa kolera wa 2024, ndiwo anayamba kulankhula. Anati iwo amadziwa kukwera pabedi usiku madzi akulowa pakhomo, koma madzi a ku Kanyama amaphwa, munthu n'kubwerera m'nyumba mwake, pamene a agogo aja sanaphwe mpaka lero. Palibe anayankha.

Pobwerera tinapempha dalaivala kuti aime pa Lusitu. Tinatsika, tinalonjerana ndi anthu, tinagula malambe ndi nkhuku ziwiri osanenerera mtengo. N'zochepa, tikudziwa. Koma tinalonjezana kuti chilimba cha chaka chamawa chidzatibweretsanso, ndipo tidzayamba tafunsa eni ake chimene akusowa.

Inu amene mungakonze ulendo wotere, pitani m'miyezi yozizira, valani nsapato zolimba, nyamulani madzi akumwa, ndipo mverani machenjezo a asodzi. Koposa zonse tsikani m'galimoto muyende pansi. Tikanakhala pampando, agogo aja tikanangowapitirira ndi fumbi.